Tiyang'ane Mitambo Tisanakankhe Bwato

Dzinja likafika timamva za mabwato ogubuduzika ndi asodzi omira pa nyanja ya Malawi. Nthawi zambiri mitambo imakhala itatichenjeza kale, koma ife osalabadira.

Kodi mitambo imapangika bwanji?

Dzuwa likawomba pa nyanja, madzi ena amasanduka nthunzi n'kukwera pamodzi ndi mpweya wofunda. Popeza kumwamba n'kozizira, nthunziyo imasanduka timadontho ting'onoting'ono, monga timaonera kunsi kwa chivundikiro cha mphika wowira. Timadonthoti tikachuluka ndiwo mtambo, ndipo tikalemera timagwa ngati mvula.

Mitundu ya mitambo

1. Yopyapyala ngati nthenga, yokhala kutali kumwamba. Iyi sigwetsa mvula.

2. Yoyera ngati milu ya thonje. Ikakhala ing'onoing'ono palibe vuto, koma ikayamba kutalika mofulumira tichenjere.

3. Yotuwa, yoyala thambo lonse ngati bulangete. Imabweretsa mvula yowaza ndipo imabisa mapiri amene timadziwira njira yobwerera ku doko.

4. Yakuda kunsi, yaitali ngati phiri, ya mutu wotambasuka ngati bowa. Mtambo wotere umatha kutalika kupitirira makilomita 10. Ndiwo umabweretsa mphezi, matalala ndi namondwe. Kamphepo kozizira kakayamba kuwomba mwadzidzidzi kuchokera komwe kuli mtambowo, ndiye kuti mafunde ali pafupi.

Ngozi ya usiku

Usiku mtunda umazizira msanga kuposa madzi. Choncho mphepo imachoka kumtunda mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati pa nyanja, pomwe imakweza mpweya wachinyezi. N'chifukwa chake mitambo yoopsayi imakonda kukula usiku ndi m'bandakucha, nthawi yomwe asodzi a usipa ali pakati ndi nyali zawo. Mumdima timaizindikira ndi ching'aning'ani. Chikang'anima tiwerenge mpaka bingu litamveka: masekondi 3 alionse ndi kilomita imodzi. Nthawiyo ikamafupika, tikoke chilimira tibwerere.

Tisaiwalenso kuti m'nyengo yozizira mwera umatha kuwomba ngakhale kumwamba kuli mbee.

Udindo wa makomiti

Tikupempha makomiti a m'madoko kuti azimvera uthenga wa zanyengo pa wailesi ndi kuuza asodzi asananyamuke. Eni zida tisakakamize anyamata kulowa m'madzi kunja kutaipa. Usipa tidzaupeza mawa, koma munthu akamira banja lonse limavutika.