Chipululu Chawo Anachipeza, Chathu Tikuchipanga

Munthu wopita ku Coober Pedy, tauni ya m'chipululu cha South Australia, amalangizidwa asananyamuke: atenge madzi okwanira, auze wina komwe akupita, ndipo galimoto ikafa panjira asaisiye n'kuyamba wapansi. Kuchokera ku Adelaide ndi makilomita pafupifupi 850, ndipo pamsewu wa Stuart Highway munthu amayenda mtunda wautali osaona khomo.

Wopita ku Lirangwe kapena kumidzi ya kwa Kuntaja, kuseri kwa Chileka, salangizidwa zotere. Nako n'kotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala mitsinje ing'onoing'ono ikasanduka mchenga. Koma ukatsika minibasi, suchedwa kupeza khomo lochitapo odi. Amakuyalira mphasa pamthunzi, mwana n'kugwada ndi chikho cha madzi. Kwawoko mlendo amadalira zimene wanyamula. Kwathu kuno amadalira anthu, ndipo mwambo umenewu ndi chuma chosayenera kutayidwa.

Chinakokera anthu ku Coober Pedy ndi mwala wamtengo wapatali wa opal, umene unapezeka kumeneko mu 1915. Anafika pamalo opanda mitengo, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Poona kuti dzuwa sangalimbane nalo, anakumba nyumba m'zitunda. Lero ambiri amakhala pansi pa nthaka, ndipo kuli matchalitchi ndi mahotela okumbidwa m'thanthwe, mmene mumakhala mozizirira bwino chaka chonse. Madzi amawapopa pachitsime chakuya chomwe chili makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni, n'kuwachotsa mchere ndi makina. Ndi odula, motero sawaseweretsa. Wodwala mwakayakaya amadzatengedwa pandege ya madokotala, ntchito imene m'busa John Flynn anayambitsa mu 1928. Zonsezi n'zotumikira anthu osakwana 2,000.

Ife tili ndi zimene iwo amazilakalaka. Mvula imagwa chaka ndi chaka. Shire ali pafupi. Pa Walker's Ferry, bungwe la Blantyre Water Board limatunga madzi n'kuwakankha kudzera pa Chileka mpaka mumzinda, chitunda cha mamita pafupifupi 800. Magetsi a ku Nkula amachokera mumtsinje womwewo. Komabe m'midzi yambiri ya m'derali amayi amalawirira kukandanditsa zidebe pamjigo, ndipo mjigo ukawonongeka amakafukula mchenga kumtsinje. Madzi amene mlendo amamwa mosavuta aja, wina anawasenza pamutu tambala asanalire. Tikamatamanda ulemu wathu, tizikumbukiranso khosi la mayi ameneyu.

Chopweteka kwambiri ndi ichi: anzathuwo chipululu anachipeza, ife tikuchipanga ndi manja athu. Aliyense woyenda m'mamawa pamsewu wa Zalewa amakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowera ku Blantyre. Wowotcha makalayo sindimuweruza. Kumunda sanakolole zokwanira, ana akufuna ufa, ndipo mbaula za m'tauni zikudikira. Koma mapiri akameteka, mvula imakokolola nthaka m'malo molowa pansi, zitsime zimaphwa msanga, ndipo matope amakadzaza pa Nkula ndi pa Walker's Ferry pomwe. Wa m'tauni amene amagula makala ndi yemweyo amene mawa adandaule kuti pampope pauma.

Anthu a mtundu wa Aboriginal, eni nthaka a chipululu chija, anakhalamo zaka zikwizikwi chifukwa ankadziwa malo a madzi n'kumawasamala. Makolo athu nawonso sankalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndipo kumanda nkhwangwa sinkalowako mwachisawawa. N'chifukwa chake mpaka lero ukaona nkhalango yowirira pakati pa minda yoyera, umadziwa kuti ndi manda.

Sitikufunika kukumba nyumba pansi. Chofunika kutengera kwa anthu a ku Coober Pedy ndi kuvomereza kuti dera lathu ndi louma, n'kumakonzekera chilimwe mvula isanathe. Mafumu akhazikitse nkhalango za m'midzi ndi kuteteza zitsa kuti ziphukire. Makomiti a mijigo azisonkhetsa ndalama zokonzera mjigo usanafe. Madenga a malata a sukulu ndi matchalitchi azikolola madzi a mvula. Ndipo midzi imene mapaipi opita mumzinda amadutsamo iyenera kukhala yoyamba kumwa madziwo.