Mtsinje Unali Munda, Unalinso Njira

LUNDAZI — Mtsinje wa Lundazi, umene unapatsa Boma dzina lake, umatsika kucokera kumapiri a kum'mawa ndi kukathira mu Luangwa ku cigwa ca Marambo. Mitsinje ya Lumezi ndi Lukusuzi imatsikanso cimodzimodzi. M'cigwa cimeneci, m'maiko a mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, amene kucokera mu 2018 ali m'boma la Lumezi, makolo anali kuwerenga nyengo poyang'ana madzi.

Mvula ikayamba mu Novembala, mitsinje inali kudzala ndi kusefukira. Njira za pansi zinali kufa kwa miyezi ingapo, ndipo bwato losemedwa pa mtengo umodzi ndilo linali kuolotsa odwala, alendo ndi opita kumaliro. Woolotsa anali munthu wolemekezeka, pakuti anali kudziwa pamene pagona mvuu ndi pamene pabisala ng'ona.

Madzi akaphwa anali kusiya matope a conde. M'menemo amai anali kubzala cimanga, maungu ndi fodya m'madimba, ndipo banja linali kukolola kawiri pa caka. M'malo a lowe munali mpunga. Usiku abambo anali kugona pa nsanja kuingitsa njobvu ndi mvuu. M'cilimwe anali kuchera miono m'mathamanda ndi kugwira milamba, imene anali kuiwamba pa moto kuti akasinthanitse ndi mapira kumtunda. Bango linali kupereka mphasa. Mtsinje ukauma, atsikana anali kufukula mcenga ndi kutunga madzi oyera pansi pake. Luangwa akasintha njira yake, monga acitira kufikira lero, mudzi nawo unali kusamuka osakangana naye.

Moyo wotere sunali wa ku Marambo kokha. Kutali ku Asia, m'dziko la Thailand, mzinda wa Bangkok unakhala likulu mu 1782 m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Anthu a kumeneko anakumba ngalande zambiri zokhala ngati miseu, namanga nyumba pa mizati pamwamba pa madzi. Amai anali kugulitsa mpunga, zipatso ndi nsomba ali m'mabwato, ndipo ana anali kuphunzira kupalasa akali aang'ono. Pambuyo pake ngalande zambiri zinakwiriridwa kuti padzere magalimoto. Cigumula cacikuru ca mu 2011 citafika, ambiri anakumbukira kuti ngalandezo zinali njira za madzi.

Ku Lundazi cimene cikwirira mitsinje ndi mcenga. Mitengo ya m'mbali ikadulidwa, ndipo khasu likafika pa gombe penipeni, mvula imakokolola nthaka ndi kuithira m'mathamanda. Thamanda likadzala mcenga nsomba zimasowa pobisala, ng'ombe zimasowa pomwera, ndipo madzi a dzinja amathamanga ndi ukali kulowa m'minda ya kucigwa. Colakwa ca kumtunda cimalipidwa ndi a kumunsi.

Mu 2019 Boma linaletsa kumanga damu lalikuru pa Luangwa ku Ndevu Gorge, ndipo mtsinjewo unapulumuka. Koma timitsinje ta m'midzi sitidzapulumutsidwa ndi kalata yocokera ku Lusaka. Nchito imeneyi ndi ya mafumu, manduna ndi mwini dimba ali yense: kusiya bango ndi mitengo pa gombe, ndi kulima capatali pang'ono. Akulu anacenjeza kale kuti mtsinje wa Tinkanena unathira mu Siizi.