GUNDUZANI: PHUNZIRO KWA ANYAMATA A KU NANGONGWE

KAFUE: Munthu woyenda madzulo m'komboni ya Nangongwe sangalephere kuona anyamata ataunjikana pa wailesi yakanema kapena pa lamya za m'manja, alikupenyerera ziphona za kunja zikumenyana ndi nkhonya, maondo ndi mapazi m'kati mwa khola la waya. Masewera amenewa achedwa MMA, ndipo dzina limene lili pakamwa pa ambiri ndi la Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene anakula akukumba mcenga kwao ku Batié, koma m'caka ca 2021 anagwetsa Stipe Miocic nalanda lamba wa UFC wa amuna olemera koposa.

Popeza nchito za m'mafakitale zimene zinamanga tauni ya Kafue zinacepa, ena mwa anyamatawa aganiza kuti cuma cili m'nkhonya. Asanamange manja, nkwabwino kuti amve mbiri ya ngwazi ya dziko lathu lino, malemu Lottie Mwale, amene anthu anamucha Gunduzani.

Mwale anabadwira ku Kitwe. Iye sanali wa gulu la olemera koposa ai, ndiponso sanali kumenya ndi mapazi. Gulu lace linali lotsatira, la amuna osapitirira makilogramu 79. Komabe nkhonya yace inagunduza maiko. M'caka ca 1974, dziko la Zambia lisanakwanitse zaka 10 za ufulu, anabwera ndi mendulo ya golide kucokera ku masewera a Commonwealth ku Christchurch, m'dziko la New Zealand.

Atalowa nkhonya za malipiro mu 1977, anakwera msanga ndithu. Mu 1978 anapita ku Leicester ku Mangalande, kwao kwa Tony Sibson, namgwetsa m'ndime yoyamba pamaso pa abale ace. Caka cotsatira, mu Lusaka, anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada natenga lamba wa Commonwealth. Akulu-akulu a m'Kafue akumbukira masiku amenewo, pamene mabanja anali kuzungulira wailesi usiku kuti amve za mwana wao.

Tsiku lalikulu linafika pa 28 Novembala 1980 mu mzinda wa San Diego ku America, pamene analimbana ndi Matthew Saad Muhammad pofuna lamba wa dziko lonse wa WBC. Kufikira tsikulo Mwale anali asanagonjepo m'nkhonya za malipiro. Anayamba bwino, koma cakudza siciimba ng'oma: m'ndime yacinai nkhonya ya kumanzere inamgwetsa cagada, ndipo loto la mtundu wonse linathera pomwepo.

Sanataye mtima. Anasunga lamba wa Commonwealth kufikira 1985 pamene Leslie Stewart anamlanda ku Trinidad. Apa mpamene pali phunziro lalikulu, pakuti Gunduzani sanaleke. Mu 1992, ali pafupi zaka 40, anali akali m'bwalo ku America kumenyana ndi Virgil Hill, munthu wocepa kwa iye ndi zaka zoposa 10, ndipo anagonja ndewu isanafike kumapeto. M'zaka zace zotsiriza anadwala nthenda yonjenjemeretsa thupi ya Parkinson, ndipo anamwalira mu Okutobala 2005, zaka zace zitangopitirira 50.

Madokotala acenjeza kuti ubongo ukagwedezeka kawiri-kawiri ndi nkhonya za kumutu subwerera mwakale, ndipo zotsatira zace zimaoneka patapita zaka, cimwemwe ca khamu citazirala kale. M'masewera a mapazi ndi maondo ngoziyo siicepa konse.

Sitinena kuti anyamata a ku Nangongwe aleke masewera. Tinena kuti wofuna kumenya ayambe ndi mphunzitsi wodziwa nchito yace, apimidwe ndi dokotala ndewu isanayambe ndiponso itatha, asasiye sukulu kapena luso la manja, ndipo asunge kangacepe pa ndalama iliyonse imene alandira. Koposa zonse adziwe tsiku lovula magulovu, cifukwa mphamvu za unyamata sizikhalitsa.

Gunduzani anakweza mbendera ya Zambia pamwamba, ndipo dzina lace silidzaiwalika. Ulemu umene tingampatse ndiwo kuona kuti ana athu otsata mapazi ace afike ku ukalamba ali ndi mitu yabwino ndi cakudya m'nyumba. Wakutsina khutu ndi mnansi.