Aneni Othandiza a Chingerezi Osonyeza Kutheka kwa Zinthu Zakale: Vuto la Olankhula Chicheŵa ku Kuwadzana

Ku Kuwadzana, dera la kuzambwe kwa Harare lomwe lidamangidwa dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, kumakhala zidzukulu za Amalaŵi amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 adaika Chicheŵa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe maphunziro ambiri pa mayeso a ZIMSEC amalembedwa m'Chingerezi. Choncho wophunzira ayenera kudziŵa m'mene Chingerezi chimanenera chinthu chimene mwina chidachitika.

M'Chicheŵa chikaiko chimakhala m'liwu lapadera, pamene nthaŵi imakhala m'mneni: "mwina adapita". Chishona, chomwe ana aŵa amalankhula tsiku ndi tsiku, chimaterokonso: "pamwe akaenda". M'Chingerezi chikaiko chimasenzedwa ndi mneni wothandiza, may, might kapena could, ndipo nthaŵi yakale imasonyezedwa ndi have wotsatidwa ndi mneni wa mtundu wa gone.

(1) *He might went.
(2) He might have gone.

Chiganizo (1) n'cholakwika. Wophunzira wangoika might pamalo pa "mwina" nasiya went monga momwe akadasiyira "adapita".

Vuto lachiŵiri ndi la tanthauzo. Chicheŵa chimalekanitsa chinthu chokaikitsa ndi chinthu chimene chidatsala pang'ono kuchitika koma osachitika: "mwina mwana adamwalira" ndi "mwana akadamwalira". Might have ndi could have amanena zonse ziŵiri, koma m'Chingerezi chovomerezeka may have amanena choyamba chokha.

(3) The child may have died.
(4) The child could have died.

Mayi wonena kuti "mwana akadamwalira" akuthokoza kuti mwanayo ali moyo. Womasulira wa kuchipatala kapena kubwalo la milandu akasankha (3), womva amaganiza kuti mwina kwagwa maliro.

Pokana, aneniŵa amasiyananso. "He may not have gone" ndiko kuti "mwina sadapite", pamene "he could not have gone" ndiko kuti "n'kosatheka kuti adapita". Chiganizo choyamba n'chokaika, chachiŵiri n'chotsimikiza.

Motero mphunzitsi wa ana otere angapindule poyamba ndi "mwina adapita" ndi "akadapita", pakuti kusiyana kumene might have amabisa, Chicheŵa chimakuonetsa poyera.