Cikho ca Volleyball ku Amereka

Caka ndi caka anyamata a m'sukulu zazikuru za yunivesite ku Amereka amalimbirana cikho ca volleyball. Umenewu ndi mpira womenya ndi manja kuudumphitsa ukonde, anthu 6 mbali iri yonse.

Bungwe la NCAA ndilo linayambitsa mpikisanowu m'caka ca 1970. Kufikira 2013 anali kulowa matimu 4 okha, koma mu 2014 anakhala 6. Masiku ano timu ikagonja kamodzi, basi, ibwerera kwao.

Mphunzitsi Al Scates anatengera sukulu ya UCLA cikhoci ka 19. Kwa zaka 24 cikho sicinaturuke m'cigawo ca California, kufikira anyamata a Penn State anacilanda mu 1994.