Mutu 6: Za Kuyenda pa Nyanja Youma

Munthu wobadwira kuno ku Namwera, amene adazolowera madzi ozizira otsika m'mapiri, akamva za chipululu cha mchere amayesa kuti ndi nkhani ya ku Botswana kokha, kumene kuli zigwa zoyera za Makgadikgadi. Koma akadzatsika ndi msewu wa ku Nselema ndi Ntaja nakafika ku Nayuchi, kumene njanji imayenda pa mtunda wa mchenga wolekanitsa Chiuta ndi Chilwa, adzadziwa kuti nafenso tili nacho chathu. Pakuti Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi ake: Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathiramo, wotungamo ndi dzuwa lokha, ndipo mchere umatsalira. Mu 1968 nyanjayi idaphwa, mu 1995 idaphwanso, ndipo mu 2018 mabwato adagona pa dothi long'ambika pa doko la Kachulu, chilumba cha Chisi chikuoneka ngati phiri la pamtunda.

Tiona zinthu ziwiri zimene wapaulendo ayenera kusamala m'malo otere: nthaka ndi madzi akumwa.

Tiyambe ndi nthaka, poti apa ndi pamene anthu amalakwitsa, ngakhale ophunzira kumene. Amaopa ludzu, nadzaza zigubu, osadziwa kuti chimene chimagwira munthu m'chigwa chouma ndi matope. Dzuwa limaumitsa pamwamba pokha, mwina kuchindikala kwa chikhatho, pamene pansi pake pali dongo lonyowa limene lidasunga madzi a zaka zambiri. Zili ngati phala limene lagwira khungu pamwamba koma mkati likadali lamadzimadzi. Mwana akhoza kuthamangapo, njinga yakapalasa ikhoza kudutsa, koma ng'ombe kapena galimoto ikaponda, khungulo limaboweka. Ndipo likaboweka, woyendetsa wosadziwa amaponda moto, mateyala nazungulira pamodzimodzi, nadzikumbira okha manda kufikira mimba ya galimoto itakhala pansi. Kenaka amaitana mnzake kuti amukoke, mnzakeyo nadzatitimira pambali pake, onse awiri nagona pomwepo.

Chifukwa chake, inu owerenga, musanyengedwe ndi kusalala kwa njira yodutsa pakati, ngakhale tsidya lija likuoneka pafupi. Yendani m'mphepete, tsatani mapazi a amene adapita kale ndi kubwerako, ndipo pamene dothi lasintha mtundu ndi kuderako, tsikani mulase ndodo. Ikalowa mosavuta, bwererani. Kuphwetsako mpweya wa m'mateyala kumathandiza pamchenga, koma sikupulumutsa munthu padongo. Lamuloli ndi lomwelo ku Sua ndi ku Ntwetwe, zigwa ziwiri zazikulu za Makgadikgadi, kumene alendo amapita kukaona milambe ya pa chilumba cha miyala cha Kubu m'chilimwe, poti mvula ikagwa ndipo mtsinje wa Nata ukasefukira, ngakhale galimoto yokoka ndi mateyala anayi imatsala m'njira.

Ngakhale maso amene sakhulupirika kumeneko. Mu 1849 David Livingstone ndi William Oswell, pofunafuna nyanja ya Ngami, adafika pa chigwa cha mchere cha Nchokotsa, naona kunyezimira konga madzi, nakondwera kuti afika, chikhalirecho Ngami adali akadali kutali ndithu.

Za madzi akumwa palibe zambiri zonena: nyamulani anu, pakuti a m'chigwamo ndi amchere.

Tikabwerera ku Chilwa, amene amadziwa pamene nthaka ili yolimba si mapu kapena lamya ya m'manja ayi, koma asodzi a matemba ndi mlamba, amene nyanja ikadzaza amakhala m'zimbowera pakati pa njedza, ndipo ikamaphwa amaona tsiku ndi tsiku kumene madzi athawira. Safunsa adadya phula. Mukafika pa Kachulu, perekani moni kwa akuluakulu a padoko, muwauze kumene mukunka ndi nthawi imene mudzabwerere, ndipo akakuletsani kudutsa, musadutse.