DUWA LA SISITERE WOYERA: MPHIKA USINTHIDWE MIZU IKALOLA

Ife alimi tinazolowera kuti mbewu ikafota timaithira madzi, ikacita cikasu timaithira fataleza, ndipo ikathinana timaizula nkukaiwokera pena. Nzeru zimenezi zatidyetsa zaka zambiri pa cimanga, repu ndi matimati. Koma lero tifuna tikambirane za duwa lina limene nzeru zomwezi zimalipha. Dzina lake ndi Lycaste, la m'banja la maluwa ochedwa orchid, ndipo kwao ndi ku mapiri a Mexico, Guatemala ndi maiko ena a cigawo cimeneco ca America.

Musadabwe nalo dzina la orchid. Banja limeneli tili nalo kuno kwathu. Cikanda cimene timagula pa msika, cimene ena amati cinaka, cimapangidwa ndi timbatata ta ma orchid omera m'madambo. Koma abale ace a ku America ambiri samera m'dothi ai. Amamera pa nthambi za mitengo ndi pa miyala, mizu yao itakumbatira makungwa, ndere ndi masamba owola. Amene wamvetsa mfundo imodzi yokhayi wayamba kale kudziwa kasamalidwe kace.

Mbiri yace mwacidule

Mitundu ya Lycaste ilipo pafupi-fupi 30. Wochuka koposa ndi Lycaste skinneri, umene unapatsidwa dzina la George Ure Skinner, wamalonda wa ku Britain amene anafika ku Guatemala mu 1831 nayamba kutumiza maluwa a m'nkhalango kwa anzace ku England. Katswiri wa zomera John Lindley ndiye anakhazikitsa dzina la Lycaste mu 1843. Skinner anamwalira mu 1867 ku Panama ndi matenda a yellow fever, ali pa ulendo wobwerera ku Guatemala.

Duwa la Lycaste skinneri limakula kuposa cikhatho ca mwana, ndipo kawiri-kawiri limakhala lofiirira. Koma pali lina losowa, loyera mbee, limene anthu a ku Guatemala amalicha Monja Blanca, kutanthauza Sisitere Woyera. Mukasuzumira pakati pa duwalo mumaona kanthu kowerama ngati sisitere wovala zoyera ali pa pemphero. Mu 1934 Pulezidenti Jorge Ubico analamula kuti limeneli likhale duwa la dziko, ndipo cithunzi cace cili pa ndalama yao yacitsulo ya 50 centavos.

Ulemu umenewu unabwera ndi tsoka lace. Anthu analizula m'nkhalango kuti agulitse, nkhalango nazonso zinadulidwa kuti pakhale minda, mpaka mu 1946 boma linaletsa kulizula ndi kuligulitsa kunja. Lero Sisitere Woyera ndi wovuta kumpeza m'thengo. Moyo wace watsamira kwambiri pa anthu amene amamsunga m'miphika. Ndiye cifukwa cace nkhani ya kusintha mphika si nkhani ya masewera.

Nkhokwe ya duwa

Pansi pa masamba a Lycaste pali matsinde ofufuma ngati dzira lalikulu, obiriwira, okhala mondondozana. Akatswiri amawacha pseudobulb, koma ife tiwache nkhokwe, pakuti nchito yao ndi yomweyo: kusunga madzi ndi cakudya ca nthawi ya njala. Caka ndi caka mphukira yatsopano imaturuka m'mbali mwa nkhokwe ya caka catha. Imayamba kudya za m'nkhokwe yakaleyo, kenaka imaturutsa mizu yaceyace, nitambasula masamba aakulu a mizere-mizere, ndipo pomaliza imamanga nkhokwe yace. Maluwa amaturuka pansi pa nkhokwe, phesi lililonse duwa limodzi. Nkhokwe ikakhala yonenepa, maluwa amaculuka. Ikakhala yowonda, caka cimeneco mungoona masamba.

Pali magulu awiri amene tiyenera kuwasiyanitsa. Gulu loyamba limayoyola masamba m'cilimwe. M'gulu limeneli muli Lycaste aromatica, wa maluwa acikasu onunkhira ngati sinamoni, ndi Lycaste cruenta, wacikasu wokhala ndi banga lofiira ngati magazi mkati. Masamba akagwa, pamwamba pa nkhokwe pamatsala minga yakuthwa, cotero gwirani mosamala. Gulu laciwiri, la Sisitere Woyera, limasunga masamba ace nthawi yaitali cifukwa kwao, ku Alta Verapaz kufupi ndi mzinda wa Cobán, nkhungu ndi mvula yowaza sizisowa.

Nthawi yosinthira mphika

Funso loyamba ndi lakuti: cifukwa ninji tisinthe? Zifukwa zilipo ziwiri. Coyamba, makungwa a mu mphika amawola pakapita caka cimodzi kapena ziwiri, nasanduka ngati matope. Mpweya sulowanso ndipo mizu imabanika. Caciwiri, nkhokwe zimafika pa mlomo wa mphika ndipo mphukira imasowa poponda.

Funso laciwiri ndilo mutu wa nkhani yathu: tisinthe liti? Yankho lili pa comera cenico, osati pa kalendala. Dikirani mphukira yatsopano italike ngati cala, ndipo pansi pace payambe kuoneka nsonga za mizu yatsopano. Imeneyo ndiyo nthawi. Mizu yatsopano ikalowa m'makungwa atsopano imagwira msanga, comera osazindikira nkomwe kuti casamuka. Mukasintha pamene comera cikugona, mizu yakale imene mwaivulaza imawola popanda ina yolowa m'malo. Mukacedwa mpaka mizu yatsopano itatalika, imathyoka m'manja mwanu, pakuti ndi yofewa ngati mphukira za nyemba. Ngati maluwa aturuka pamodzi ndi mphukira, monga amacitira a gulu loyoyola masamba, lolani maluwa afote ndipo musinthe mosazengereza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Cenjezo lina nali. Mabuku ambiri a maluwa amenewa analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene miyezi ya nyengo ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu. Ku Guatemala mvula imagwa kuyambira May kufika October, pamene kuno imayamba November. Comera cimatsata nyengo ya pamene cakhala. Amene atsata mwezi wolembedwa m'buku osayang'ana mphukira adzalira.

Kasinthidwe kace

Konzani zonse musanagwire comera. Dothi la m'munda ndi manyowa a m'khola zisayandikire. Alimi a maluwa amenewa amasakaniza makungwa a paini oduladula tizidutswa ngati nyemba, makala oswa-iswa, timiyala topepuka tochedwa perlite ndi ndere youma ya sphagnum. Colinga ncakuti zosakanizazo zisunge cinyontho koma madzi adutse osaima. Makungwa aviikidwe m'madzi usiku wonse, cifukwa ouma amakana madzi. Mphika ukhale ndi mabowo okwanira pansi, ndipo ukule pang'ono cabe kuposa wakale, mongokwanira nkhokwe za zaka ziwiri zikubwerazo. Mphika waukulu si cifundo ai. Umasunga madzi amene mizu singathe kumwa.

Thirirani comera dzulo lace kuti mizu ifewe. M'mawa pendeketsani mphika, gogodani m'mbali, ndipo muturutse comera mocigwira pa nkhokwe zakale, osati pa mphukira. Cotsani makungwa akale ndi zala pang'ono-pang'ono. Muzu wamoyo umakhala wolimba ndi woyererako. Wakufa umakhala wakuda, wofewa, ndipo mukaukoka khungu limavuka nkutsala kaulusi. Yakufayo dulani.

Mpeni kapena sizasi muziwambe pa moto musanadule, ndiponso musanapite pa comera cina. Ma orchid ali ndi matenda a mavairasi amene amayenda ndi madzi a m'comera pa mpeni, ndipo alibe mankhwala. Comera cikagwidwa nawo, cotsala ndi kucitentha.

Ngati comera cakula ndipo mufuna kucigawa, cigawo ciliconse cikhale ndi nkhokwe zosacepera zitatu pamodzi ndi mphukira. Apa ndi pamene umbombo umagwetsa ambiri. Munthu amafuna miphika isanu pa comera cimodzi, nagawa nkhokwe imodzi-imodzi, mapeto ace adikira zaka osaona duwa. Ndani mwa ife angapatule mwana pa banja nkumpatsa nkhokwe yopanda kanthu? Pa bala pamene mwadula pakani ufa wa salufa kapena wa sinamoni kuti paume. Nkhokwe zakale zopanda masamba, ngati zikali zolimba, musataye. Ziikeni pa ndere yonyowa pang'ono pa mthunzi, pakuti zambiri zimaphukanso.

Poika mu mphika watsopano, nkhokwe yakale koposa itsamire m'mbali, mphukira iyang'ane pakati pamene pali malo. Thirani makungwa mozungulira mizu, mukugwedeza mphika kuti alowe bwino. Nkhokwe ikhale pamwamba, matako ace okha ndiwo akhudze makungwa. Mukaikwirira ngati mbatata idzawola. Comera cisagwedezeke. Ngati cigwedezeka cimangireni ku kamtengo, cifukwa nsonga ya muzu ikakhuzika-khuzika imaleka kukula. Lembani dzina ndi tsiku pa kacikwangwani. Kwa masabata awiri kapena atatu ciikeni pa mthunzi ndipo madzi akhale ocepa, kufikira mutaona kuti mizu yalowa.

Madzi, dzuwa ndi cakudya

Mphukira ikamakula, Lycaste ndi wakumwa kwambiri. Makungwa asaume gwa. Koma thirani m'mbali mwa mphika, m'mawa, ndipo madzi asalowe mu mphukira. Masamba ang'ono amakhala opindana ngati fanulo, ndipo madzi akagonamo usiku mphukira imawola. Mphukira ikafa, nchito ya caka conse yapita. Madzi a mvula ndiwo abwino. A pa mjigo okhala ndi mcere kapena laimu wambiri amapsereza nsonga za mizu.

Fataleza akhale wosungunula m'madzi, gawo limodzi mwa magawo anai a muyeso wolembedwa pa paketi, ndipo aperekedwe pa nthawi yokula yokha. Kamodzi pa mwezi tsukuluzani mphika ndi madzi okha-okha kuti mcere wa fataleza ucoke.

Nkhokwe yatsopano ikakhwima, zinthu zimasintha. A gulu loyoyola masamba amacita cikasu nagwetsa masamba. Apa mlimi wa cimanga mtima umamupweteka, nathamangira kheni ndi fataleza. Lekani! Comeraco sicikudwala, cikupuma. Cisiyeni couma, kungowaza pang'ono ngati nkhokwe zayamba kukwinyika kwambiri. A gulu la Sisitere Woyera acepetsereni madzi koma asaume konse.

Dzuwa likhale losefedwa, longa la pansi pa mtengo wa masamba apatali-patali kapena la m'mawa pa khonde. Masamba ndi opyapyala ndipo dzuwa la masana limawawaula. Mphepo iziyenda. Usiku amakonda kuzizira kwa madigiri 10 kufika 15, ndipo masana kutentha kukapitirira 30 Sisitere Woyera amavutika. Cobán ali pa mtunda wa mamita pafupi-fupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, cimodzi-modzi ndi Lusaka, koma kumeneko kulibe mphepo youma ndi kutentha kwa October wathu. Amene angayese kusunga duwali kuno adzafunika mthunzi wabwino ndi kunyowetsa pansi pozungulira miphika, ndipo a gulu loyoyola masamba ndiwo angapirire bwino cilimwe cathu. Ku zigwa zotentha monga Luangwa kungakhale kuzunza comera cabe.

Adani ace tiwadziwa kale. Akangaude ofiira, omwe aja a pa matimati, amabisala kunsi kwa masamba kukauma. Pukutani masamba ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono. Nkhono zimadya mphukira ndi maluwa usiku, conco miphika ikhale pa thandala ndipo muziyendera ndi toci.

Cifukwa cace tidekhe

Wina angafunse kuti, bwanji osangofesa njere? Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe cakudya mkati. M'thengo zimamera pokha-pokha zikakumana ndi mtundu wina wa bowa umene umazidyetsa. Mu 1922 katswiri wa ku America, Lewis Knudson, anapeza njira yozimeretsa m'mabotolo pa cakudya cokhala ndi shuga, ndipo ndi njira imeneyi alimi amaculukitsa maluwawa osakhudza nkhalango. Komabe kucokera pa njere kufika pa duwa loyamba pamapita zaka zingapo. Comera cimene cafa cifukwa ca mphika wosinthidwa pa nthawi yolakwika catenga zaka zonsezo kupita nazo. Pamene comera cogawidwa bwino cimakhala ndi moyo zaka makumi, cikupatsa mnansi, mwana ndi mdzukulu.

Malonda a ma orchid pakati pa maiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES, limene linayamba kugwira nchito mu 1975. Cotero wofuna Lycaste agule kwa alimi amene amameretsa okha, ndi zikalata zoyenera, osati zozulidwa m'thengo kapena zobisa m'cikwama.

Tisanaseke anthu a ku Guatemala kuti anatsala pang'ono kumaliza duwa la dziko lao, tiyang'ane m'madambo mwathu. Cikanda cakumbidwa kwambiri moti amalonda amacitenga kutali, ngakhale kutsidya kwa malire ku Tanzania, kumene boma linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 maka-maka pofuna kuteteza maluwa a kumeneko. Kambatata ka cikanda nako ndi nkhokwe ya mphukira ya caka camawa. Wokumba akatenga zonse, mvula idzagwa pa dambo lopanda kanthu. Tikapita kokumba caka cino, tisiyeko zina m'nthaka, monga momwe wosamala Sisitere Woyera amasiyira nkhokwe zitatu pa mphukira iliyonse.